Atelala Oyenda Ali Chikhalire

Namzeze anali ndi chinsinsi cha bambo ake, ndipo chinkamuyabwa pakamwa ngati chitedze. Dzina la Namzeze anamupatsa ndi bambo akewo, poti mwanayu sankatha kukhala malo amodzi.

Bambo ake anali telala. Nyamakazi inawagwira bondo lakumanja moti kudzuka pampando inali nkhondo. Kuchipatala, adokotala anawamangirira kachipangizo konga bokosi la machesi m'munsi mwa bondo. Ntchito yake inali kuwerenga mapazi amene munthu waponda ndi kulemba mmene mwendo ukuyendera. Anawauza kuti aziyenda pang'ono tsiku lililonse, ndipo pakatha masabata awiri kachipangizoko kadzaonetsa chithandizo chimene bondolo likufuna.

Tsiku loyamba atelala anayenda mpaka pageti, n'kubwerera akukukuta mano. Lachiwiri sanayese n'komwe. Anakhala pa makina awo osokera, aja opondera ndi mapazi, n'kuyamba kusoka mayunifolomu. Namzeze atabwera kusukulu anayang'ana foni imene inkaonetsa manambala a kachipangizoko, ndipo anakuwa.

"Bambo! Akuti mwaponda mapazi 14,000! Munapita kuti?"

Atelala anayang'ana foni, anayang'ana chopondera cha makina, kenako anaseka mpaka misozi. Popondera makina bondo limangopuma, chimagwira ntchito ndi phazi, koma kachipangizo kankangoti munthu ali pa ulendo.

"Kanthu aka n'kaulemu," iwo anatero. "Kakuti ndayenda, ine ndine ndani kuti ndikane? Iwe, pakamwa potseka."

Kuyambira pamenepo kuyenda anakuiwala. Kasitomala akalowa, atelala ankapukuta thukuta n'kumati, "Pepani, ndangofika kumene, lero ndinali kutali!" Ali chikhalire pampando, tepi ili m'khosi. Anthu ankafa nazo nseko. Namzeze nayenso ankaseka, koma m'mawa uliwonse ankawaona akugwira khoma popita kubafa, ndipo mtima unkamupweteka.

Tsiku lobwerera kuchipatala anawaperekeza. Adokotala, mayi wamfupi wa magalasi aakulu, anayang'anitsitsa kompyuta nthawi yaitali.

"Abambo, izi n'zodabwitsa. Mukuyenda kuposa ine! Ngati zili chonchi, maphunziro olimbitsa bondo sakufunikanso kwa inu. Malo anu ndipereka kwa wina, odikira ndi ambiri."

Atelala anamwetulira, n'kumuponda Namzeze chala pansi pa tebulo. Mtsikanayo anaganiza mofulumira. Akaulula, achititsa manyazi bambo ake pamaso pa mlendo. Akakhala chete, bondo liuma bambo ake akuseka. Adokotala anali atatenga kale cholembera.

"Adokotala," anatero Namzeze, "amene amayenda ndi makina osokera. Bambo sanadutse ngakhale pageti."

Adokotala anaika cholembera pansi. Kenako anavula magalasi n'kuseka mpaka kugwira tebulo.

"Ndiye chifukwa chake! Ndimadzifunsa kuti ndi msewu wanji umenewu, munthu kuyenda tsiku lonse osakhota ngakhale kamodzi."

"Mwana iwe!" atelala anatero atagwira pakamwa. "Madiresi onse aja ndakusokera, lero wandigulitsa masanasana?"

Koma ataona misozi ikulengeza m'maso mwa mwana wawo, nthabwala zinawathera. Anazolika, n'kusisita bondo lija.

"Wanena zoona, adokotala. Ndimaopa ululu. Komanso ndimachita manyazi kutsimphina mumsewu anthu akundiona."

"Ululu tithana nawo limodzi," adokotala anayankha. "Malo anu akhala. Koma mukamasoka, kachipangizo muzikavula. Ndikufuna kudziwa za bondo lanu, makinawo alibe nyamakazi."

Mawa lake Namzeze atangofika kuchokera kusukulu anapeza bambo ake atavala nsapato, makina ataphimbidwa ndi nsalu. Anatuluka limodzi. Atelala ankaponda pang'onopang'ono atagwira phewa la mwanayo, kupuma pamtengo wa magetsi uliwonse. Ometa tsitsi anasuzumira pakhomo la shopu yawo.

"Ee, atelala! Lero mwatuluka ndi miyendo yeniyeni?"

"Ndikuyesa ngati ikadalipo!" iwo anayankha, ndipo msewu wonse unaseka.

Anafika pagolosale ya pakona, anapuma pabenchi, n'kubwerera. Pofika kunyumba malaya anali atanyowa ndi thukuta, koma nkhope inali ngwee. Anadzigwetsa pampando.

"Tawerenga, tione."

Namzeze anayang'ana foni, n'kuzengereza. "Ndi 386 basi, Bambo."

"Basi? Ukuti basi?" Atelala analanda foniyo n'kuiyang'ana ngati satifiketi ya mayeso. "Onsewa ndaponda ndekha, mwana wanga. Itana amayi ako adzaone!"