Estina ndi Ulendo wa ku Chipale

Galimoto ina yachilendo inafika pa Rufunsa mu Ogasiti wa 1995, mphepo ikuulutsa fumbi pamsika. Inaima pafupi ndi siteji ya mabasi, inatsokomola kawiri, n'kukhala chete.

Siinali basi, komanso siinali lole. Inali ndi makatani m'mawindo, kakwerero kumbuyo, ndi chitseko cha m'mbali ngati cha nyumba. Amayi ogulitsa malonda anathamangira komweko ndi mabeseni awo poganiza kuti muli azungu. Koma munatuluka mwamuna mmodzi yekha, wamtali, wowonda, wa maso ofiira ngati munthu amene tulo tinamukana kalekale.

Estina, mtsikana wogulitsa nthochi ndi mtedza wokazinga, sanathamange nawo. Tisabise, matama anali nawo ndithu. Madalaivala a mumsewu wa ku Chipata onse anali atamuyesapo, ndipo onse anabwerera ndi nthochi zokha.

Mwamunayo anadutsa amayi onse aja n'kudzaima pa benchi lake.

"Muli bwanji, ba sisi? Motoka yanga yafa. Koma ili na nzelu, yasankha pofela pabwino."

"Nthochi ni izi," anatero Estina. "Vinango sitigulitsa."

"Ndine Mordecai. Ngati zina nayo simugulitsa, nipaseni chabe ya mahala."

Estina anafuna kukwiya, koma pakamwa panamupereka. Anaseka! Amayi a pamsika anayang'anana, poti kuseka kumeneko anali asanakumvepo.

Mordecai anati pampu ya dizilo yawonongeka. Rhoda, mkulu wake wa Estina amene ankakhala naye kuseri kwa msika, analola kuti galimotoyo ikankhidwire pansi pa mango pabwalo lawo.

Tsiku lachitatu Estina anakapereka madzi, ndipo Mordecai anamuitanira mkati. Mayo ine! Bedi, kachitofu, kabati ya mbale, ngakhale kagalasi pakhoma. Mordecai anafotokoza kuti ankayendetsa alendo odzaona nyama, ndipo bwana wake pobwerera kwawo anamusiyira galimotoyo.

"Manje muyenda kuti na nyumba yonse iyi?" anafunsa Estina.

Mordecai anatulutsa kope lakale la sukulu. M'katimo munali zithunzi zodula m'magazini: mapiri oyera mbee, ndi anthu ovala zipewa za ubweya.

"Apa ni ku Lesotho. Mu Juni na Julai kumagwa sinoo, yoyela monga unga wa bulekifasiti. Banthu bamanga mapulanga ku mendo, batsetseleka kuchoka pamwamba pa phili mpaka pansi."

"Bantu bakulubakulu? Na ndevu zao?"

"Na ndevu zao!"

Masamba otsatira anali ndi mayina a malo, ambiri atakhwatchidwa.

"Aya ya ku Ulaya ni ya bolemela," anatero Mordecai. "Nifuna kamalo kang'ono, kochipa, kamene bamaphunzisa osaziba. Kaphili kofupika, kakuti ukagwa palibe okuseka. Na poimika motoka, kuti munthu azigona mwake momuno. Nalemba makalata, niyembekeza chabe yankho."

Estina anaona kuti zolembazo zinali zozungulira bwino, za dzanja la mkazi.

"Analemba ni ndani?"

"Mlongo wanga," anayankha msanga Mordecai, natseka kope lija.

Kuyambira pamenepo nthochi zinayamba kupsera m'beseni. Estina ankaweruka pamsika dzuwa lili pamutu. Mordecai anamupatsa mayina ambiri kuposa amene makolo ake anamupatsa: "Esi wanga", "duwa la pa Rufunsa", "mankhwala a mtima wanga".

"Esi wanga, Juni ikafika, ine na iwe ulendo. Nizakugulila jekete yofiila. Ukagwa nizakunyamula, ukagwanso nizakunyamulanso. Tikabwelako, ukwati."

Kodi ndi mtsikana uti akanalimba mtima? Estina anali asanapitepo ngakhale ku Kabwe, ndiye wina akumulonjeza phiri loyera!

Rhoda yekha ndiye sanatengeke nazo.

"Iwe, mlendo ni mame. Mwamuna wa nyumba ya mawilo ungamufunefune kuti akathaba? Kwao wakuziba? Babululu bake wabaona?"

"Ba sisi, nsanje chabe."

"Ehe. Nsanje."

Sabata lachitatu Rhoda anapita ku Mpanshya kukaona wodwala. Masana a tsikulo Estina analowa m'galimoto muja, chitseko chinatsekedwa, ndipo matama ake onse anatsala panja.

M'mawa mwake Mordecai anamumanga mikanda yoyera pamkono.

"Ichi ni chizindikilo chathu. Usavule, olo posamba. Nayenda ku Lusaka kukagula pampu. Masiku atatu chabe, mtima wanga."

Anamusiyira makiyi. Estina anamuperekeza pasiteji, nakweza dzanja mpaka basi inazimiririka pakona. Mordecai sanacheuke ngakhale kamodzi. Estina anadziuza kuti mwina akubisa misozi.

Masiku atatu anasanduka masabata. Kenako kondakitala wa basi ya ku Petauke anamupatsa kapepala kopindapinda: "Esi wanga, pampu yavuta kupeza. Sunga motoka. Mikanda usavule. Wako mpaka imfa, M."

Analipsompsona pepalalo mpaka inki inafufutika.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake lija loswa mtengo, loti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe. Anthu onse thukuta kamukamu. Koma Estina anayamba kumva kuzizira.

Kunkayambira pamkono, n'kukwera mpaka pamsana. Masana enieni iye ali mu juzi, mano akugundana. Rhoda anamutengera kuchipatala ku Mpanshya. Anamuyeza magazi, malungo osapezeka.

Chodabwitsa, miyendo yake inkangomutengera ku galimoto ija. Ankakhala pabedi, mawindo ali chitsekere, koma makatani ankagwedezeka. Munkamveka fungo la mafuta odzola amene iye sanadzolepo. Tsiku lina batani la juzi litathothoka, dzanja lake linapita lokha kuseri kwa kagalasi n'kutulutsa singano yokhala kale ndi ulusi. Anaidziwa bwanji kuti ili pamenepo?

"Ni nyimbo ya kuti yamene uimba?" anamufunsa Rhoda tsiku lina akutsuka mbale.

"Niimba ine?"

"Kuchokela m'mawa. Ni Chitonga icho. Unachiphunzila liti?"

Estina anachita mantha, mantha enieni. Koma anagwira mikanda ija, nadzilimbitsa mtima kuti Mordecai akabwera zonse zidzatha.

Mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana, basi ya ku Chipata inaima pasiteji. Munatsika mayi wina wovala chitenje chakuda kudzagula nthochi. Estina atatambasula dzanja, mayiyo analigwira mwamphamvu.

"Mikanda iyi mwaichosa kuti?"

"Nisiyeni! Ananipasa ni mwamuna wanga."

"Wamutali? Wa motoka ya makatani?"

Basi inaliza hutala, inalizanso, kenako inapita. Mayiyo sanaiyang'ane n'komwe. Anati dzina lake ndi Regina, ndipo anapempha kuti akaione galimotoyo. Ataiona pansi pa mango paja, anagwada pansi n'kulira mokweza.

"Mwaka! Mwaka, mwana wa amai!"

Rhoda anabwera akuthamanga, namukhazika pamphasa. Regina atapuma anayamba kufotokoza, maso ali pa Estina.

"Mwaka anali mufana wanga, mukazi wa Mordecai. Ndiye anali kuphikila bazungu pa maulendo. Ija nkhani ya sinoo inali yake, ndiye anali kulemba mu kope. Anamwalila mu Epulo na chibayo. Anadwala masabata yabili, Mordecai ali ku Mfuwe na bazungu. Tinamutumila mau katatu, sanabwele."

"Anati ni mlongo wake," ananong'ona Estina.

"Bakulu bathu banakwiya, banakana kumusambika Mordecai kuti amasuke. Muziba mwambo: ofedwa ngati sanamasulidwe, muzimu wa mukazi umayenda naye. Sanali kugona uja munthu. Pamene apo ng'anga inamuuza ati yenda kutali kwamene sibakuziba, upeze mukazi osaziba kanthu, ugone naye, umumange mikanda ya malemu. Chibanda chizasala kwa iye." Kenako Regina anafunsa: "Niuzeni, pokwela basi anacheuka?"

Estina anapukusa mutu.

"Ndiye lamulo yake. Ukacheuka, chikukonkha."

"Boza!" anakuwa Estina. "Motoka inafa! Sanasankhe kuima pano, inafa yeka!"

Regina anapempha makiyi, nakwera kutsogolo, napisa dzanja pansi pa mpando. Panali kaswichi kobisika kamene Mordecai anaika poopa akuba. Anakatembenuza, napotokola kiyi. Galimoto inalira nthawi yomweyo, bwinobwino, ngati yangochoka kumene ku galaja.

Estina anakhala pansi pafumbi. Misozi siinabwere. Ankangomva injini ija ikulira pabwalo, nkhuku zikuthawa.

Regina anatsika, natenga lezala kwa Rhoda, nadula mikanda ija n'kuikulunga pansonga ya chitenje. Kenako analankhula chakumwamba pang'ono, ngati akulankhula ndi munthu woima kumbuyo kwa Estina.

"Mwaka, uyu mwana alibe mulandu na iwe. Musiye. Tiye kunyumba."

Anatenganso kope lija, nakwera basi ya madzulo. Mawa lake Estina anavula juzi. Thupi linafunda ndithu, koma mtima unakhalabe bala lokhalokha. Ndipo chomvetsa manyazi n'chakuti basi iliyonse yochokera ku Lusaka ikaima, maso ake ankathamangirabe pachitseko. Ankamudabe Mordecai m'mawa, masana n'kumulakalaka. Chikondi n'chopusa, abale.

Mordecai anabwera mu Disembala, mvula itagwa, anthu ali kalikiliki kubzala chimanga. Rhoda anali kumunda. Estina anamuona akulowa pabwalo, ndipo anatsala pang'ono kumusokoneza ndi munthu wina. Masaya anali atadzaza, khungu likuwala, maso oyera ngati a mwana.

"Esi wanga! Bayankha!" Ankagwedeza envelopu m'mwamba. "Kamalo kang'ono ku mapili ya Lesotho. Mapulanga babweleka, ophunzisa aliko, poimika motoka paliko. Juni, duwa langa!"

Kenako maso ake anagwera pamkono wa Estina. Dzanja la envelopu lija linatsika pang'onopang'ono.

"Ba Regina banapita pano," anatero Estina.

Mordecai anagwada m'matope momwemo.

"Sinizakana. Ninabwela na mutima oipa, Esi. Ninali ofa oyenda. Koma pamene ninafika ku Lusaka, ninapeza kuti nakukonda zoona. Nikanafuna, sembe sininabwele. Ona, nabwela! Nikhululukile, tiyende, tikwatilane. Nizakusunga mpaka imfa."

Estina anamuyang'ana. Mawu ake anali okoma monga kale, ndipo mwina ulendo uno anali oona. Mtima wake wonse unkafuna kumudzutsa m'matopemo n'kumukumbatira. Akanangotambasula dzanja, basi!

"Niyankheni chimozi chabe, ba Mordecai. Osanama."

"Funsa, mtima wanga."

"Munaziba kuti chizanichita bwanji ine?"

Mordecai anayang'ana pansi. "Ng'anga inakamba ati benangu bamadwala. Benangu bamafuntha."

"Benangu?"

Madzi ankadontha kuchokera m'masamba a mango.

"Benangu bamafa," anatero Mordecai motsitsa mawu.

"Ndipo munalemba kalata ati nisavule."

"Esi, ninali na mantha…"

"Na ine ninali na mantha! Miyezi ibili nili mu juzi pa zuba, niitana zina yanu kuti mubwele munipulumuse. Kansi imwe muli ku Lusaka mugona tulo, muyembekeza kuona ngati nizafa olo nizapola!"

Apa ndiye misozi inabwera, yambiri, yotentha. Estina sanaipukute. Analowa m'nyumba, natenga makiyi pa msomali, nawaika pa envelopu ija imene inali itagwera m'matope.

"Nikukondani, ba Mordecai. Icho sinizabisa, ndiye chamene chinibaba maningi. Koma munanisankha pakati pa bazimai bonse pa maliketi kuti nikafe m'malo mwanu. Nikakwela motoka iyo, siku lililonse nizayamba kuganiza kuti mukadwala futi, muzanipeleka kwa ndani."

"Esi wanga…"

"Ndine Estina."

Anatseka chitseko, nakhala pansi atachitsamira ndi msana. Panja Mordecai anaitana, anaitananso, mpaka mawu anasasa. Patapita nthawi injini inalira, ndipo Estina anadziluma dzanja kuti asamuitane.