Dzira la pa 1 Febuluwale

Lachiwiri pa 9 Januwale, nthawi itangopitirira 4 koloko madzulo, Yesenia Arboleda anatsika basi ya ku Pereira pa siteji ya kutsogolo kwa chipata cha Altos del Yarumo, dera la nyumba kumene ankakhala. M'manja anali atakumbatira katoni yoboolaboola.

M'katonimo munali nkhuku zitatu za malemu mayi ake: Pinta, Mona ndi Chavela. Maliro anali mu Disembala. Munda wa khofi wa ku Marsella unagulitsidwa, ndipo tsiku logawana katundu alongo ake ankafuna kuti nkhukuzo ziphikidwe. Yesenia anakana.

Koma kuseri kwa chipatacho kunali nyumba 120 zofanana, mlonda, komiti ya eninyumba, ndi buku la malamulo. Ndime 31 ankaidziwa pamtima: "Galu kapena mphaka n'zololedwa. Nkhuku, abakha ndi ziweto zonse za kumunda n'zoletsedwa."

Adutsa bwanji pamaso pa mlonda? Nanga Chavela akalira?

"Chemwali, wailesi yanuyo ikulira modabwitsatu."

Yesenia anatembenuka. Anali mnyamata wamtali wa malaya oyera, pachifuwa pali chizindikiro cha komiti. Yesenia anafinyira katoni ija pachifuwa.

"Si wailesi. Ndi nsapato."

"Nsapato zokhala ndi mlomo?"

Zoonadi, Pinta anali atasuzumira pa chiboo.

"Chonde, achimwene, musandiyalutse. Ndi za mayi anga, anamwalira mwezi wathawu."

Mnyamatayo anasiya kuseka. Anavula jekete yake n'kuphimba katoni ija.

"Ndine Duván Echeverri. Ndinayamba dzulo mu ofesi ya komiti, ndipo buku la malamulo ndangowerengako masamba awiri. Bweretsani nsapatozo ndikunyamulireni."

Anadutsa pachipata akuimba mluzu mokweza, mlonda osamva kanthu. Pakhomo pa nyumba 47, ya Yesenia, anapempha nambala ya foni. Yesenia anaipereka mosazengereza. Kodi anali mantha, kapena chinachake?

Khola analimanga kuseri, pakati pa chochapira ndi khoma, n'kuliphimba ndi nsalu zoyanika. Ku fakitale ya zovala kumene ankasoka, ntchito inkayamba 6 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, ndipo nkhuku zimatetera cha m'ma 9. Choncho pochoka ankasiya wailesi ili pamwamba. Pa makina mtima sunkakhala pansi. Magetsi akazima bwanji? Mphepo ikaulutsa nthenga n'kukaiponya kwa aneba?

Chokhacho chimene chinkamutonthoza ndi mauthenga a Duván pa foni.

"Mwadzuka bwanji mfumukazi yanga? Nsapato zagona bwino?"

"Zagona. Koma sizikuikira. Zikusowa kwawo."

"Zizolowera. Ine ndazolowera kale kukuonani pa siteji 2:40 tsiku lililonse. Mukachedwa ndimadwala."

Pofika sabata yachitatu anali atasiya kutchulana kuti "inu". Duván ankamudikira ndi khofi wa m'kapu ya pepala, Yesenia n'kumamunyamulira arepa, mkate wachimanga wotentha wa pangodya ya fakitale.

Lachinayi pa 1 Febuluwale, Chavela anaikira dzira loyamba chisamukire. Linali lobiriwira, monga mazira ake onse. Yesenia anatenga pensulo n'kulemba deti pa chigoba. Mayi ake ankatero ndi dzira lililonse, kuti lakale lizidyedwa poyamba. Pansi pa detiyo anawonjezera chilembo D ndi kamtima kakang'ono.

"Ili ndi lako," anatero kwa Duván madzulo ake kuseri kwa ofesi. "Dzira loyamba mayi ankapatsa munthu amene amamukonda."

Duván analilandira ndi manja awiri.

"Yesenia, moyo wanga, mvera bwino mawu angawa. Bola ine ndili mu ofesi muja, palibe nthenga ngakhale imodzi ya nkhuku zako imene idzatuluke pa chipata chija. Ndalumbira!"

Nthawi ya 6:52 uthenga unafika: "Ndalikazinga, ndalidya. Dzira lokoma chonchi sindinalilawepo chibadwire. Kapena n'chifukwa cha dzanja lomwe landipatsa?"

Yesenia anauwerenga kasanu. Kuyambira tsikulo, mazira a Pinta ndi Mona ankadya yekha, koma lobiriwira lililonse linkapita kwa Duván ndi deti, D ndi kamtima.

Pa 12 Febuluwale pachipata panamatidwa chikalata: "Kwamveka kutetera kwa nkhuku m'dera lathu lino. Komiti ikufufuza." Pansi pake panali siginecha ya mayi wapampando, Doña Fabiola Grajales a nyumba 52, amene m'mawa uliwonse ankayendetsa kagalu kovala juzi, mphuno ili m'mwamba.

Tsiku lomwelo mayiwo anamuimitsa Yesenia panjira.

"Aneba, wailesi yanu ija imayankhula ndi ndani mukapita ku ntchito?"

"Ndimaopseza akuba, Doña Fabiola."

"Akuba? Muno? Tili ndi mlonda, mwanawe. Komanso nsalu zanuzo zauma kalekale. Kwanu ku Marsella mumayanika mwezi wathunthu?"

Yesenia anathamangira ku ofesi. Ali pakhomo anamva Duván akuyankha foni: "Inde mfumukazi yanga, zonse zili m'manja mwanga, Doña Fabiola."

"Nawonso ndi mfumukazi yako?" anafunsa Yesenia, Duván atangoika foni pansi.

Duván anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Nsanje! Kuno ngakhale wogulitsa mapeyala amati mfumukazi yanga kwa aliyense wodutsa. Koma 'moyo wanga' unamvapo ndikumutchula wina?"

"Akudziwa, Duván. Andifunsa za wailesi."

"Adziwe! Panopa buku lija ndinalimaliza. Ndime 58 imati munthu sangazengedwe mlandu popanda umboni wa masiku atatu osiyana, wokhala ndi deti. Auona kuti? Kuseri kwanu salowako. Kagalu kaja kakachitira umboni?"

Yesenia anaseka, misozi ili m'maso. Akanatani popanda mnyamata ameneyu?

Komabe mtima sunakhazikike. Ankadzuka 4 koloko m'mawa kusesa khola, kutola nthenga imodziimodzi, kukwirira zitosi m'miphika ya maluwa. Pa fakitale anasoka mkono wa malaya mozondotsa kawiri m'sabata imodzi.

Msonkhano wapachaka wa eninyumba unaikidwa pa Loweruka, 23 Malichi. Yesenia anaganiza zoimirira n'kunena zoona, n'kupempha kuti ndime 31 isinthidwe: nkhuku zazikazi zosaposa zitatu, popanda tambala. Analemba mawu ake papepala.

"Usayerekeze!" Duván anamulembera. "Ukatsegula pakamwa wadzipereka wekha. Khala chete, moyo wanga, ine ndikonza zonse. Msonkhano ukatha ndikufuna ndikuuze chinthu chachikulu. Uvale diresi yachikasu ija."

Chinthu chachikulu! Mphete kodi? Yesenia anang'amba pepala lija.

Msonkhano unayamba 3 koloko masana mu holo ya pafupi ndi bwalo la ana. Anthu 74 anasaina buku. Anakangana za nyali za mumsewu, za mapaipi, za achinyamata oimika njinga zamoto pa kapinga. Duván anakhala pa tebulo la komiti akulemba. Yesenia, mu diresi yachikasu, anamumwetulira kawiri. Iye sanadzutse mutu.

Cha m'ma 5 Doña Fabiola anaimirira.

"Nkhani yomaliza. Kuphwanya ndime 31, nyumba 47."

Holo yonse inatembenuka. Yesenia anayang'ana kwa Duván. Koma umboni alibe! Duván ananena yekha!

"Ndime 58 imafuna masiku atatu okhala ndi deti," anapitiriza Doña Fabiola. "Mwamwayi, aneba athuwa ndi munthu wadongosolo. Anatilembera okha."

Anatsegula kabokosi n'kukweza dzira lobiriwira.

"Pa 14 Malichi." Anakweza lina. "Pa 20 Febuluwale." Kenaka lachitatu, n'kuvala magalasi. "Pa 1 Febuluwale. Pali ndi kamtima."

Anthu anafa ndi phwete.

"Ineyo mkazi wanga sanandijambulirepo kamtima pa dzira!" anafuula bambo wina kumbuyo.

"Ungakaone iwe, umameza ndi chigoba chomwe," mkazi wake anamubweza.

Yesenia sanamve chilichonse. Maso ake anali pa dzira lachitatulo. Lamphumphu, losasweka. Lomwe lija linakazingidwa nthawi ya 6:52? Lomwe lija linali lokoma kuposa onse chibadwire?

"Fomu ya dandaulo inatsegulidwa Lachisanu pa 2 Febuluwale ndi wothandizira mu ofesi," anawerenga Doña Fabiola. "Nkhukuzo zichoke pofika Lachiwiri pa 26. Ndipo poona khama lake, komiti yagwirizana kuti Duván Echeverri, amene anali pa miyezi yoyeserera, alembedwe ntchito mokhazikika."

Ena anaomba m'manja.

Yesenia anaimirira, anapita kutsogolo pang'onopang'ono, n'kutambasula dzanja.

"Doña Fabiola, mwawerenga kale deti. Ndipatseni dziralo, si lanu."

Mayiwo anadabwa, koma anapereka. Yesenia anatuluka.

Duván anamupeza pa bwalo la ana, akupuma mwawefuwefu.

"Moyo wanga, dikira ndikufotokozere!"

"Chinthu chachikulu chija ndi chimenechi?"

"Ndi ntchito, Yesenia! Ndachitira tonse awiri. Anandiuza kuti ndikapanda kupeza mwini nkhuku, mu Epulo ndichoke. Ndikanakukwatira ndi chiyani? Tsopano tikhoza kuganiza za ukwati. Nkhuku ndi nkhuku basi, ndidzakugulira zina tikadzakhala ndi malo athu."

"Anakuuza liti?"

"Sindikukumbuka bwino..."

"Ine ndimakumbuka madeti. Dzira ndinakupatsa Lachinayi. Unalumbira Lachinayi. Fomu unatsegula Lachisanu. Chikalata cha pachipata chinabwera patapita masiku khumi. Ndiye kuti sanakutume kukafufuza, Duván. Unapita wekha."

Duván anayang'ana pansi.

"Sindinatchule dzina lako tsiku limenelo. Ndinangoti ndili ndi poyambira. Ndinkaganiza kuti mwina udzazichotsa wekha zisanafike apa."

"N'chifukwa chake unandiletsa kuyankhula? N'chifukwa chake unandiuza kuti ndivale chikasu, kuti holo yonse indione bwino?"

"Ayi! Chikondi changa n'chenicheni, ndikulumbira!"

"Usalumbirenso. Ndiuze chimodzi chokha. Pa mazira onse aja, unadyako ngakhale limodzi?"

"Ena ndinadya."

"Koma loyamba ayi."



Yesenia anamuyandikira monga ankachitira pofuna kumukonza kolala. Anatsegula thumba la malaya oyera aja, pansi pa chizindikiro cha komiti, n'kuikamo dziralo mosamala.

"Ndi lako. Lakhala masiku 51. Mayi ankati lakale lizidyedwa poyamba."

Anapita kunyumba osacheuka. Misozi inayamba atatseka chitseko. Anazimitsa wailesi, koyamba m'miyezi iwiri ndi theka, n'kuanula nsalu zonse. Chavela anatetera mokweza, dera lonse likumva. Yesenia anamusiya.

Lamlungu mauthenga anafika asanu ndi anayi. Lolemba anafika khumi ndi awiri. "Mfumukazi yanga, yankha." "Moyo wanga, sindikudya." "Ndisiye ntchitoyi kodi? Nena, ndisiya lero lomwe!" Koma Lolemba lomwelo anamuona pachipata atavala malaya atsopano, akumata chikalata china.

Yesenia anaimbira azakhali ake a ku La Florida, mudzi wa kunja kwa tawuni, amene anali ndi bwalo lalikulu ndi chipinda chopanda munthu. Basi ya kumeneko inkadutsa pafupi ndi fakitale.

"Bweretsa nkhukuzo, mwana wanga," anatero azakhaliwo.

"Nanga ine?"

"Iwenso bwera. Bola usamatetere."

Lachiwiri pa 26 Malichi, masabata khumi ndi limodzi chidutsire pa chipata chija ndi katoni yophimbidwa, Yesenia anatulukanso ndi katoni yomweyo, yosaphimba, sutikesi ili kudzanja lina. Pinta anasuzumira pa chiboo. Mlonda anayang'ana kumbali.

Duván anali pa siteji, kapu ya khofi ili m'manja.

"Bweretsa ndikunyamulire," anatero ndi mawu otsika.

"Zikomo, achimwene. Nsapato zanga ndinyamula ndekha."

Basi inafika 7:15. Yesenia anakhala pawindo la mbali inayo, katoni ili pamiyendo. Atadutsa mlatho waukulu anamva phokoso m'katimo, kenaka Chavela anayamba kutetera, anthu m'basi n'kuseka. Analowetsa dzanja. Dzira lobiriwira, lofunda.

Foni inanjenjemera m'chikwama. Sanaitulutse. Anatulutsa pensulo, n'kulemba pa chigoba: 26 Malichi.

Anayang'ana kwa kanthawi malo otsala pansi pa detiyo. Kenaka anabwezera pensulo m'chikwama.