Lefina ndi Kamtengo ka Papaya

Lefina anali asanalawepo papaya. Ankangomva kuti ndi wotsekemera. Ankalakalaka atalawako tsiku lina.

M'mawa wina Lefina ankatsuka mbale kuseri kwa nyumba. Madzi anali ozizira. Zala zake zinali gwa. Unali mwezi wa Juni, nyengo ya chisanu ku Lisasadzi.

Amayi anafika kuchokera kuchitsime. Anatula mtsuko msangamsanga.

"Lefina, siya mbalezo. Akukuitana Mayi Nuru a kusitolo. Akupita kwawo ku Nkhotakota. Amayi awo akudwala."

Lefina anapukuta manja. Anathamanga.

Kuseri kwa sitolo kunali kamtengo ka papaya. Kanali kakafupi, kolekeza m'mawondo. M'mudzi monse munalibe kena.

"Mbewu yake anandipatsa amayi anga," anatero Mayi Nuru. "Kwathu kumatentha. Kuno kumazizira. Kamtengoka kamaopa chisanu."

Anamuonetsa kanyumba ka udzu, kooneka ngati chipewa chachikulu.

"Madzulo uzikavundikira. M'mawa uzikavundukula. Ukhoza, mwanangu?"

"Ndikhoza, Amayi."

"Papaya woyamba tidzadyera limodzi."

Lole yonyamula fodya inaima pamsewu. Mayi Nuru anakwera. Lefina anaimika dzanja mpaka fumbi linatha.

Madzulo Lefina ankavundikira. M'mawa ankavundukula. Madzulo ankavundikira. M'mawa ankavundukula.

Koma kamtengo sikankakula. Kanali kowonda. Mphepo ikawomba, kankanjenjemera.

Tsiku lina Lefina anapita kuchigafa. Abambo ankasankha fodya. Masamba abwino uku, ong'ambika uko.

"Abambo, bwanji mumachotsa udzu pa mbande za fodya ku nazale?"

"Kuti zikhwime, mwanangu. Mbande yokhalitsa pansi pa udzu imakhala yofooka."

Abambo anaseka.

"Ukufunsiranji? Ufuna kutsegula munda wako, undilande ntchito?"

Lefina anaseka naye.

Madzulo amenewo anapita kusitolo. Ananyamula kanyumba ka udzu. Kenako anakaika pambali.

"Khwima," ananong'oneza kamtengo kaja. "Mayi Nuru adzakupeze uli wamphamvu."

Kutacha, udzu wa kudambo unali mbuu. Chisanu chinali chitagwa. Lefina anathamanga osasamba m'maso.

Masamba a papaya anali atada. Anali atalendewera ngati nsanza zonyowa. Lefina anakhudza limodzi. Linagwa. Anakhudza lina. Nalonso linagwa.

Lefina analira.

Abambo anamutsatira. Anaona kamtengo. Anaona kanyumba ka udzu kali pambali. Sanakalipe.

"Mwanangu, fodya timamukhwimitsa kukatentha, mvula ili pafupi. Osati m'chisanu. Ndipo uyu si fodya."

"Kafa kodi, Abambo?"

"Sindidziwa. Mtengo uwu ndi mlendo kwa ine."

Abambo anasolola udzu padenga la chigafa chawo. Anauwonjezera pa kanyumba kaja. Anamanga bwino ndi luzi. Kenako anabwerera ku fodya wawo.

Masamba onse anathothoka. Panatsala kathunthu kokha.

Madzulo Lefina ankavundikirabe. M'mawa ankavundukulabe.

Anzake ankamuseka popita kuchitsime.

"Taonani! Lefina akufunditsa ndodo!"

"Uiphikirenso phala ndodoyo!"

Lefina ankangopitirira. Akavundikira, ankatsinzina.

"Ambuye, kamtengo aka si kanga. Chonde kadzutseni."

Masiku anapita. Mphepo inayamba kufunda. Kenako Mayi Nuru anabwera. Anatsika lole mwakachetechete. Maso awo anali ofiira.

"Amayi awo anatisiya," Amayi anauza Lefina motsitsa mawu.

Amayi anasenza nkhuni kupita nazo kusitolo. Lefina anasenza madzi.

Amayi ndi Lefina atawapepesa maliro, Mayi Nuru anadzuka. Anazungulira kuseri kwa sitolo. Lefina anawatsatira chapatali.

Mayi Nuru anaima pa kamtengo. Anayang'ana kathunthu kopanda masamba.

"Palibe kanthu, mwanangu," anatero. "Chisanu cha kuno n'chaukali. Chimalowa ngakhale mu udzu."

Lefina anayang'ana pansi.

Mayi Nuru anagwada. Anakanda khungwa pang'ono ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira. Anayang'anitsitsa chakunsi. Panali kamphukira kakang'ono, ngati khutu la mbewa.

"Lefina, tabwera! Taona! Kali moyo!"

Lefina anaona. Kanalidi moyo.

"Mulungu ndi wachifundo," anatero Mayi Nuru, misozi ikutsika. "Amayi anga andisiyirako kanthu. Ndipo iwe wakasamala bwino. Sunaphonye tsiku. Zikomo, mwanangu."

Zikomo ameneyo anamuwawa Lefina. Anamuwawa kuposa madzi a m'mawa. Anamuwawa kuposa kuseka kwa anzake.

Lefina anagwada pafupi nawo.

"Amayi, chisanu sichinalowe mu udzu."

Mayi Nuru anatembenuka.

"Tsiku lina sindinavundikire. Ndinachita dala. Ndimafuna kakhwime ngati fodya wa Abambo."

Mayi Nuru anayang'ana kamphukira. Anayang'ana Lefina. Kenako anamugwira dzanja. Dzanja lawo linali lofunda. Sanamusiye.

Lefina anakweza mawu kuti amveke bwino.

"Ndinalakwa, Amayi. Pepani. Chonde mundikhululukire."