Ulusi wa Pakhosi pa Mkazi wa Telala

Telala wina ankasokera pakhonde la sitolo ya eni, makina ake amodzi opalasa ndi mapazi, ntchito yake kuika zigamba pa mathalauza otha. Tsidya la msewu kunali mnzake amene anaphunzira naye ntchito, koma iyeyo anali ndi makina a magetsi ndi antchito. Telala akamuona, mtima unkamuwawa ngati wamubera.

Kunyumba mkazi wake ankadwala chithokomiro. Ankadya za anthu awiri koma n'kumaondabe, maso atatong'oka, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira, mtima ukugunda ngati wathamangitsidwa. Mapiritsi ankathandiza pang'ono, matenda n'kubwereranso. Komabe mayiyu ndiye ankamusokerera mabatani, manja akunjenjemera, akudzibaya zala osadandaula.

Masana ena telala anapita kwa sing'anga wa kuseri kwa ogulitsa matabwa kukafuna mankhwala olemeretsa. Sing'angayo anamvetsera, kenako anafunsa ngati kunyumba kuli wodwala.

"Alipo mayi akunyumba. Koma kupha munthu sindingathe, bambo."

"Wanena zopha ndani? Moto unayaka kale pakhosi pa akazi anuwo, inu mungouotha basi. Tengani ulusi uwu, mupukutire thukuta la pakhosi pawo, muukulunge m'bobini ya makina anu. Mtima wawo ukamathamanga, makina anu athamanga. Tsiku limene udzadekhe, nawonso adzaima."

Telala anabwerera akudzitonthoza kuti matendawo sanabweretse ndi iye. Munthu akafuna kuchimwa, zifukwa sizimusowa. Usiku womwewo anachita zimene sing'anga anamuuza.

Ntchito inabwera ngati mvula: mayunifolomu a sukulu, madiresi a ukwati, makatani. Anachoka pakhonde natsegula shopu, makina a magetsi ali ndandanda. Telala ankasokera mkazi wake zovala zokongola zimene zinkangolendewera pathupi.

Kenako dokotala anawaitana onse awiri. Anafotokoza kuti asilikali ena a m'thupi mwa mayiyo anasokonekera, ndipo ndiwo ankakwapula chithokomiro kuti chigwire ntchito osapuma. Kunabwera jekeseni watsopano, woyesedwa kumene, wochepetsa asilikali oterowo m'magazi. Mayi anavomera misozi ili m'maso.

Posakhalitsa masaya anayamba kubwerera. M'mawa wina analowetsa ulusi pasingano kamodzi n'kamodzi, naseka. "Taonani bambo, manja aima. Ndikuchira ine."

Telala anaseka nawo, koma anakumbukira mawu a sing'anga aja. Sabata yomweyo ntchito inachepa. Masukulu anali atatsekera, atelala onse mumsewumo ankangowodzera, koma iye zimenezo sanaziganize. Anathamangira kwa sing'anga.

"Ndinakuuzani kale," anatero sing'anga osadzutsa mutu. "Zimitsani motowo mubwerere pakhonde, kapena usiyeni uyake. Zigamba munaiwala kusoka kwake?"

Foni imene achipatala ankaimbirapo inali ya telala. Anauza mkazi wake kuti jekeseni watha, ndipo mapiritsi akale nawonso madokotala aletsa. Achipatala ataimba kufunsa, anawayankha kuti mayi anapita kwawo. Mkaziyo anangoti zikomo, poti mwamuna wake anali asanamunamizepo.

Masukulu atatsegulira, ntchito inabwerera, ndipo telala anati mankhwala agwira. Matenda nawo anabwerera ndi ukali. Mayi anasiya kugona, mabatani ankagwa m'manja, mtsempha wa pakhosi ukudumpha moonekera patali. Telala anayamba kuzemba maso ake, n'kumakhalitsa kushopu.

Tsiku lina mayiyo anamubweretsera chakudya, nagwa pakati pa makina, thupi likutentha ngati simbi. Telala anamunyamula yekha mpaka kuchipatala, akulira zenizeni. Dokotala atawaona anadabwa.

"Jekeseni wawo takhala tikusunga nthawi yonseyi. Si munati anapita kwawo?"

Mayi anamva. Anatembenuka pang'onopang'ono namuyang'ana mwamuna wake ndi maso aja osaphethira. Anamwalira dzuwa lisanalowe.

Makina sanaime monga ananenera sing'anga. Ankalira bwinobwino, koma telala akawamva ankamva mtima wa mkazi wake. Anawaphwanya ndi hamala limodzi limodzi, antchito akuthawa. Lero amakhala pakhonde lakale lija, patsogolo pake palibe makina, mapazi akupalasa simenti mpaka zidendene kuchita zilonda. Mukamuuza kuti apume, amakuchondererani kuti musamusokoneze, akangoima mkazi wake afa.

Inu ofuna kulemera msanga, chenjerani ndi dyera. Limayamba ndi kukuuzani kuti simukupha munthu, n'kutsiriza litakuphunzitsani kuopa tsiku limene wokondedwa wanu adzachire.