Ndani Akuzimitsa Kafani ka Sodam?

Sodam ankafuna ndege. Osati ndege yogula kusitolo, ayi. Ankafuna ndege yopanga yekha. Ndege yofiira. Ndege ya mapiko owongoka.

Ndegeyo sinali yake. Inali ya mlongo wake, Seho.

Seho anali khanda. Ankakwawa ndi kuluma chilichonse. Loweruka linali tsiku lake lokwanitsa chaka chimodzi.

Pa mwambo wa kwawo kwa Sodam, tsiku limeneli mwana amamukhazika pafupi ndi tebulo lalifupi. Patebulopo amaikapo zinthu. Mwana amasankha chimodzi. Akatenga pensulo, adzakhala wamaphunziro. Akatenga mpira, adzakhala wamasewera. Akatenga ulusi woyera, adzakhala ndi moyo wautali.

"Amayi, ine ndiikapo ndege," anatero Sodam.

"Ndege? Chifukwa chiyani?" anafunsa Amayi.

"Ndikadzakula ndidzayendetsa ndege. Koma ndege imafuna oyendetsa awiri. Wachiwiri ndi Seho."

"Nanga akatenga pensulo?"

"Satenga pensulo," anatero Sodam. Koma mumtima anali ndi mantha pang'ono.

Amayi anali ndi makina oumba zinthu. Makinawo anali aang'ono. Ankadya chingwe cha pulasitiki. Ankachisungunula m'kamwa mwawo. Kenako ankaumba chinthu, mzere pamwamba pa mzere, mzere pamwamba pa mzere.

Makinawo ankakhala pakhonde lotchingidwa ndi mazenera, pafupi ndi mitsuko ya kimchi, ndiwo zakabichi zosasitsa. M'nyumba Amayi sankawalola chifukwa cha fungo la pulasitiki.

Sodam anajambula ndege pakompyuta. Amayi anaika chingwe chofiira. Makina anayamba ntchito. Zii, zii, zii.

Koma inali nyengo yozizira. Khonde linali lozizira ngati m'firiji. Kamphepo kankalowera m'mphepete mwa mazenera.

Ndege inatuluka. Koma mapiko ake, abale inu. Phiko ili lapindika. Phiko ilo lapindikanso.

"Ndege yanga yadwala," anatero Sodam.

"Yazizidwa," anatero Amayi. "Mphepo ikawomba mapiko asanalimbe, amapindika. Makinawa akufuna nyumba yawoyawo."

"Timange lero, Amayi."

Anatenga tebulo lakale la miyendo inayi. Anaika makina pansi pake. Amayi anabwera ndi mapepala olimba a pulasitiki, oonekera mkati.

Sodam anagwira. Amayi anamanga. Khoma lakumbuyo linaima. Khoma lakumanja linaima. Khoma lakumanzere linaima. Kutsogolo anaikako chitseko.

Sodam anamata mipata yonse ndi tepi. Anamata apa. Anamata apo. Anamatanso chala chake chomwe.

Bokosi linatha. Mphepo inasowa polowera.

Makina anayambanso. Zii, zii, zii. M'bokosi munafunda. Kenako munatentha. Kenako munatentha kwambiri.

Tha, tha, tha. Makina analira mwachilendo. M'kamwa mwawo simunatulukenso kanthu. Ndege inathera pakati, yopanda mchira.

"Chavuta n'chiyaninso?" anafunsa Sodam.

"Abanika," anatero Amayi. "Chingwe chafewa chisanafike m'kamwa. Chatseka pakhosi."

"Poyamba azizidwa, tsopano abanika. Makinawa ndi ovuta ngati Seho."

Amayi anaseka. Anatsegula kompyuta yakale yakufa. Anachotsamo kafani kakang'ono. Kafaniko kanakwanira m'dzanja la Sodam.

Anakamangirira m'bokosi. Anakalozetsa pakhosi pa makina. Sodam analowetsa waya wake kumagetsi. Kafani kanazungulira. Fuu, fuu, fuu.

M'mawa anayatsa makina. Zonse zinali bwino. Amayi anapita kuntchito. Sodam anapita kusukulu. Kunyumba kunatsala Agogo aamuna ndi Seho.

Sodam anabwerako akuthamanga. Anavula nsapato pakhomo. Anafika pakhonde.

Kafani kanali chete. Waya wake anali wozulidwa. Chitseko cha bokosi chinali chotsegula. Mphepo inali italowa. Phiko ili lapindika. Phiko ilo lapindikanso.

Sodam anayang'ana Seho.

"Seho, ndiwe?"

"Ba," anatero Seho. Ankaluma sokosi yake.

Tsiku lotsatira anayesanso. Sodam anatseka chitseko bwinobwino. Anakankha waya mpaka mkati. Anapita kusukulu.

Pobwera anapeza zomwezo. Kafani kali chete. Waya ali pansi. Chitseko chili chotsegula.

Amayi anayang'ana chingwe chofiira. Anapukusa mutu.

"Chatsala chochepa, Sodam. Chatsala cha ndege imodzi yokha. Ndipo phwando ndi mawa."

Sodam anakwiya. Anakwiya mpaka makutu anamutentha. Ndani akuzimitsa kafani? Seho sangafikire waya. Seho sangatsegule chitseko.

Sodam anaganiza. Makina sanawayatse. Anayatsa kafani kokha. Anatseka bokosi. Kenako anabisala kuseri kwa mtsuko waukulu wa kimchi.

Fuu, fuu, fuu, kanatero kafani. Sodam anadikira. Mapazi anamuzizira. Mphuno inamuyabwa. Koma anakhala phee.

Kenako anamva masilipasi. Khwa, khwa, khwa.

Anali Agogo.

Agogo anasuzumira uku. Anasuzumira uko. Anawerama pang'onopang'ono. Anazula waya. Anatsegula chitseko cha bokosi. Kenako anasisita makina pamutu.

"Puma, iwe," ananong'ona. "Puma. Ndabwera."

Sodam anadzambatuka.

"Agogo! Ndakugwirani."

Agogo anadzidzimuka. Silipasi imodzi inavuka.

"Iwe, kagalu kanga, ukufuna mtima wanga uime?" Agogo ankamuitana choncho chifukwa chomukonda.

"Agogo, mukuzimitsiranji kafani kanga?"

"Ndikupulumutsa makina ako. Fani sayatsa m'chipinda chotseka. Mpweya umatha. Munthu amagona osadzukanso. Aliyense amadziwa zimenezi."

Amayi anamva. Anabwera atanyamula Seho. Anaseka mpaka misozi.

"Bambo, zimenezo ndi nkhani zakale. Fani simaliza mpweya."

"Seka," anatero Agogo. "Ine amayi anga anandiuza. Pawailesi ankanenanso, chilimwe chilichonse."

"Komanso makina sapuma, Bambo."

"Sapuma? Nanga tsiku lija unati abanika. Ndinamva ndi makutu angawa."

Koma Agogo awa, pamkangano samagonja.

Sodam sanaseke.

"Agogo, mukatsegula chitseko, mphepo imalowa. Mapiko amapindika. Chingwe chatsala cha ndege imodzi. Ikawonongeka, Seho alibe ndege."

Agogo anayang'ana ndege zopindika zija. Zinali pamzere pawindo. Nkhope yawo inagwa. Anamva chisoni kwambiri.

"Ndiye ndine ndachita izi? Pepa, mdzukulu wanga. Sindimadziwa."

"Ndiye musiya, Agogo?"

Agogo anakanda mutu.

"Ndikufuna kusiya. Koma ndikamva fani m'bokosi lotseka, mtima sukhala m'malo. Miyendo imangobwera yokha."

Sodam anakhala pansi. Anaganiza. Anaganizanso.

"Agogo, kukatentha inu mumagona ndi fani. Mumatani?"

"Ndimatsegula zenera pang'ono."

"Pang'ono pokha?"

"Pang'ono pokha. Basi zatha."

"Ndiye bokosi langa tiliboole kazenera."

Amayi anasiya kuseka. Anayang'ana bokosi lija.

"Dikirani," anatero Amayi. "Tiboole kumbuyo, cham'mwamba. Kafani tikaike pakazenera pomwepo. Kazitulutsa mpweya wotentha kunja. Pakhosi pa makina pazizizira bwino. Koma mphepo siwomba mapiko."

"Mwaona?" anatero Agogo. "Ndimanena ine."

"Simunanene zimenezo, Bambo."

"Ndimafuna kunena."

Agogo anakatenga kamacheka kawo. Anavala magalasi. Sodam anaika kapu pakhoma lakumbuyo. Anajambula mozungulira kapuyo. Agogo anacheka motsata mzere. Kwe, kwe, kwe.

Kazenera kanatseguka. Kanali kozungulira bwino. Amayi anamangirira kafani pakazenerapo. Sodam anamata tepi m'mbali mwake.

"Muyatse ndinu, Agogo," anatero Sodam.

Agogo analowetsa waya. Fuu, fuu, fuu. Anaika dzanja kuseri kwa bokosi. Kampweya kofunda kanawakhudza.

"Eya, akupuma," anatero Agogo. "Tseka chitseko."

Amayi anaika chingwe chotsala chija. Makina anayamba. Zii, zii, zii.

Agogo anabweretsa mpando pakhonde. Anafunda bulangete. Anakhala pafupi ndi bokosi.

Abambo a Sodam anafika kuchokera kuntchito. Anafuna kusuzumira mkati.

"Chotsa dzanja," anatero Agogo. "Ulowetsa mphepo. Sudziwa kuti mapiko amapindika?"

Sodam anabisa nkhope m'bulangete la Agogo. Anaseka chamumtima.

Mzere pamwamba pa mzere. Mzere pamwamba pa mzere. Mimba ya ndege inaoneka. Mapiko anaoneka. Mchira unaoneka. Chingwe chinkachepa. Sodam ankayang'ana chingwe, ndi kuyang'ana ndege, ndi kuyang'ananso chingwe.

Makina anaima. Chingwe chinatsala chachifupi ngati chala.

Anadikira kuti ndege izizire. Kenako Sodam anatsegula chitseko. Anainyamula ndi manja awiri. Phiko ili lowongoka. Phiko ilo lowongokanso.

Amayi anaipala m'mphepete kuti isabaye mwana. Sodam anaitsuka ndi sopo.

Loweruka linafika. Alendo anadzaza nyumba. Nsapato zinali mbwee pakhomo. Kunali makeke a mpunga ndi zipatso zambiri. Seho anamuveka zovala za mitundumitundu ndi kachipewa kakuda. Kachipewako ankakavula, Amayi n'kumuvekanso.

Patebulo lalifupi anaikapo pensulo. Anaikapo mpira. Anaikapo ulusi woyera. Sodam anaika ndege yake kumapeto.

Amayi anamukhazika Seho patsogolo pa zinthuzo.

"Pensulo, Seho, pensulo," anatero azakhali.

"Mpira, mwana wanga," anatero Abambo.

Sodam anagwira dzanja la Agogo mwamphamvu.

Seho anayang'ana pensulo. Anatambasula dzanja. Anaikhudza ndi chala. Azakhali anayamba kuwomba m'manja. Mtima wa Sodam unagunda, gu, gu, gu.

Pensulo inagubuduzika n'kugwa pansi. Seho sanaiyang'anenso.

Anakankha mpira. Anadumpha ulusi. Maso ake anali pa chinthu chofiira.

Seho anagwira ndege. Anaigwira ndi manja onse awiri. Anaikweza m'mwamba. Kenako analuma phiko.

Nyumba yonse inasokosera. Alendo anawomba m'manja. Agogo anapukuta maso ndi mpango.

"Kazenera kake ndinaboola ndine," anauza mlendo wina. Mlendoyo sanamve kuti akunena chiyani.

Sodam anagwada pafupi ndi Seho. Anali wosangalala mpaka anafuna kulira. Seho anamuonetsa ndege, yodzaza malovu.

"Wasankha bwino," ananong'ona Sodam. "Tsopano ukule msanga. Ine sindinyamuka popanda iwe."