Chitseko cha Mbali ya Wokwera

Zimene ndikufotokozazi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinalipo, alamu anga analipo, ndipo zinachitika masanasana dzuwa likuswa mtengo. Ine ntchito yanga ndi yosoka mipando ya galimoto. Makina anga ali pakona m'galaja ya alamu angawo, amuna a achemwali anga, amene amakonza galimoto zachikalekale zija za mipando iwiri, zotsika pansi, zaliwiro.

Mayi wina, dokotala wa mano, anagula imodzi yoteroyo n'kudzaitsitsa pa lole. Sanachulutse mawu. "Ndikufuna ibwerere mmene inatulukira kufakitale."

Amene anali nayo kale anaisintha kwambiri. Penti yake yofiira anaikwirira ndi yakuda, anaikamo matayala akuluakulu ndi ekizozi yonga mgolo. Zimenezo alamu anangoziseka, poti eni galimoto ambiri amatero. Koma mbali ya wokwera inawadabwitsa. Chitseko chake chinali chowotcherera kuzungulira konse, mzere wake atausalaza bwinobwino. Mpando munalibe. Pamalo pake panali chitsulo chophwatalala, chowotchereranso.

"Alamu, uyutu sankafuna kupatsa anthu lifiti," ndinatero.

"Kapena apongozi ake ankavuta," anayankha, tonse n'kuseka.

Kwa miyezi itatu alamu anapala penti, kusakasaka zipangizo zake zenizeni, n'kudula zowotchererazo pang'onopang'ono ndi girayinda kuti chitseko chisaonongeke. Ine ndinasoka mpando wachiwiri ndi chikopa chofiirira, ndikuyang'anira pa chithunzi chakale, ulusi uliwonse pamalo pake. Tinaumanga Lachinayi m'mawa.

Masana ake ndinaona alamu ataima kumbuyo kwa galimotoyo, atapendeketsa mutu. Anatenga tepi n'kuyeza. Mbali ya wokwera inali yotsika ndi zala zitatu. Masipuling'i anali atsopano. Anawamasula, kuwasinthanitsa, kuyezanso. Zala zitatu zomwezo.

Kunayambanso fungo. M'galaja mumanunkha oyilo ndi penti, koma ili linali lina: la zovala zimene zagona m'madzi, zosayanika. Ndinanunkhiza chikopa chotsala patebulo langa. Chinalibe kanthu.

"Takhalanipo, alamu, mumve ngati mpando wanuwu wakhala bwino," anatero.

Ndinatsegula chitseko n'kukhala.

Sindinakhale pa mpando. Mpandowo ndimaudziwa, siponji yake ndinaika ndi manja angawa. Ndinakhala pamiyendo pa munthu. Maondo awiri owonda, ozizira, pansi pa ntchafu zanga. Siketi inayamba kunyowa. Ndinati ndidzuke, miyendo inakana. Kenako mpweya, kuseri kwa khutu langa. Kulowa. Kutuluka.

"Alamu," ndinanong'ona. "Ndikokeni."

"Chavuta n'chiyani?"

"Musafunse. Ndikokeni."

Anandikoka dzanja, ndinakagwera pa simenti. Tikuyang'ana tonse awiri, chitseko chija chinayenda chokha. Sichinamenyetseke ayi. Chinatsekeka mwaulemu, ngati watseka munthu woopa kudzutsa mwana.

Adokotala atabwera tinawauza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kutiuza kuti chikopa chatsopano chimachita chinyezi kukatentha. Analiza galimoto yawo, ulendo.

Patapita masabata awiri anabwera nayo. Sindinawazindikire msanga. Maso anali atalowa m'kati, milomo youma. Anatuluka injini ikulira, n'kukaima patali, pafupi ndi geti.

"Ibwezereni mmene munaipezera. Lero lomwe."

"Mayi, chachitika n'chiyani?" anafunsa alamu.

"Amanditsamira," anatero motsitsa mawu. "Pokhota paliponse amanditsamira paphewa. Dzulo wandikonzera kolala."

Tsiku limenelo alamu sanadye. Anazula mpando wanga uja, ine n'kukautentha kuseri kwa galaja. Anabwezerapo chitsulo, n'kuwotcherera chitseko kuzungulira konse. Pofika folo koloko anali atamaliza. Mitima yathu inakhala pansi. Kenako anatenga tepi, mwachizolowezi chabe.

Zala zitatu.

Kawotchereredwe koyamba kaja alamu anali atakazindikira kale. Kanali ka mkulu wina amene anawaphunzitsa ntchito, amene anapuma pantchito maso atatha ndi kuwala kwa moto wowotcherera. Kutacha tinapita kwawo. Tinawapeza pakhonde, ndipo alamu atangotchula galimotoyo, mkuluyo anazimitsa wailesi.

"Ndi ine ndinawotcherera, zaka makumi atatu zapitazo," anatero. "Mwini wake sanandiuze kuti wokwerayo ndi ndani, inenso sindinafunse. Anabwera nayo m'mawa, nati, 'Yatsani makina, mudikire.' Tinadikira tsiku lonse, iye ali pachiwongolero, osayankhula, thukuta lili kamukamu. Dzuwa litapendeka chitseko chinatseguka chokha. Galimoto inadzuka mbali imeneyo, ndinaiona ndi maso angawa asanathe. Ndiye mwini wake anakuwa kuti, 'Watsika! Wotchererani msanga!' Ine ndikuwotcherera, chogwirira chakunja chinkagwedezeka pafupi ndi nkhope yanga. Wokwerayo amangodziwa chitseko chake chokhacho, mwanawe. Kwina sadzera."

Kenako anatembenuzira nkhope kumene kunali alamu.

"Nanga iwe, unadikira kuti atsike?"



Adokotala sanabwerenso kudzaitenga, foni yathu sayankha. Galimotoyo ili kumapeto kwa galaja, tinaifunditsa lona. Alamu amati tsiku lina adzadulanso chitsekocho, adikire ngati mmene anadikirira mkulu uja. Kawiri konse afikapo ndi girayinda m'manja, kawiri konse abwerera. Akuti sakudziwa kuti wokwerayo akadzatsika adzalowera kuti.

Ine makina anga sindiwazimitsa msanga masiku ano, ngakhale nditamaliza chosoka. Mukangoti zii m'galajamo, pansi pa lonayo pamamveka chogwirira cham'kati. Amachikoka pang'onopang'ono, n'kuchisiya. Amadikira. Kenako amachikokanso.