Mtsikana Wosayankha Moni

Marjory anakulira m'nyumba ya kampani pa esiteti ya tiyi ku Mulanje, pakhomo pa mapemphero. Bambo ake, a Zefaniya, anali mkulu wa mpingo, ndipo mayi ake, a Katarina, anabwera kuno ali kamtsikana pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Koma Marjory ntchito ankaiona ngati matenda. Dengu lothyolera tiyi ankati limathyola khosi.

"Mwanawe, manja aulesi Satana amawabwereka," ankatero mayi ake. Iye ankangoyasamula.

Amene anawabwereka anali mayi Jessica, omwe anali ndi nyumba yosungira okalamba ndi odwala sitiroko, anthu amene ana awo ali ku Joni.

"Iwe Chilomwe umachitha," anamunyengerera. "Pita ku Milange, ku Mozambique uko, ukanditengere mtsikana. Makolo ake ukawauze kuti ndikamuphunzitsa sukulu. Ukatero, tiyi sudzamukhudzanso."

Marjory anapita, nabwera ndi Celeste, mwana wamaso aulemu amene Chichewa sankachidziwa. Pa chipata cha malire cha Muloza Marjory anangoti, "Ndi mphwanga uyu," njinga n'kudutsa.

Sukulu ya Celeste inali kutembenuza odwala, kuwapukuta ndi kuchapa nsalu zoipitsidwa. Ankagona pansi pafupi ndi bedi la wodwala, geti lili chikhomere. Tsiku lina anagwira Marjory chitenje, namufunsa m'Chilomwe. "Achemwali, kwathu ndipita liti?" Marjory anayang'ana nsapato zake zatsopano. Sanamve chisoni, sanamvenso manyazi. Mumtima munangoti zii.

Lachinayi lina amayi a mpingo anabwera kudzaona odwala, a Katarina ali pakati pawo. Marjory analipo, akudziyesa kapitawo. Mwa mwambo wawo, amayiwo anapatsa moni aliyense wa pakhomopo, ngakhale wotaya madzi.

"Uli bwanji, mwanawe?"

Celeste anayang'ana mayi Jessica.

"Ali bwino, ngwamanyazi. Ndi mdzukulu wanga," anayankha msanga mayi Jessica.

A Katarina sanasunthe. Anaona manja osweka ndi sopo, diresi lothina m'khwapa, ndi maso opempha chilolezo asanayankhe moni. Anagwada, namulonjera m'Chilomwe.

Mwanayo anayankhula. Anayankhula mosalira, mawu ali phwa, ngati akunena za munthu wina. Anati mvula yagwa kawiri osaona mayi ake, osatuluka pageti. Kenako analoza Marjory.

A Katarina anavula mpango wawo, nafunditsa Celeste, namugwira dzanja.

"Amayi, mukatero ndimangidwa!" anatero Marjory.

"Ndikudziwa."

A Katarina anamutenga Celeste, napita naye okha ku polisi pa boma. Celeste anaperekezedwa kwawo, ndipo anakapeza mayi ake anamwalira chaka chathacho, akudikira mwana wa sukulu. Mayi Jessica ndi Marjory analowa m'ndende.

A Katarina anapita kukamuona Marjory kundendeko.

"Ine ndinawoloka pa Muloza ndili msinkhu wa Celeste," anatero. "Anthu osandidziwa anandipatsa phala ndi pogona. Akanandigulitsa, iwe ukanabadwa?"

Marjory anafuna kulira, koma misozi sinabwere. Anangopenya manja ake osalalawo.

Inu achinyamata, ulesi sufuna kudya thukuta lake, umafuna la mnzako, ndipo mapeto ake ndi kugulitsa munthu. Nanunso opita kukaona odwala, musamangopempherera ali pabedi. Mupatseni moni amene akumupukutayo, ndipo wina akamuyankhira, mufunseninso.